Munthu wa pa foni: Shariya imati tamudziwa liti?

Timuyamika Allah amene amadziwa zobisika ndi zoonekera, amene watiphimbira zambiri zimene anthu akanazidziwa sakanatipatsa ngakhale moni. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake onse.

Tsiku lina titatha Swala ya Asr, bambo wina wogulitsa chimanga pamsika wa Limbuli anatsalira mumzikiti mpaka anthu onse atatuluka. Anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kunena kuti: "Shehe, mwana wanga wamkazi akuti wapeza banja, koma mwamunayo sitinamuonepo." Mtsikanayo anadziwana ndi munthuyo pa Facebook, kenako macheza anasamukira pa WhatsApp. Mwamunayo ankati kwawo ndi ku Mangochi koma akukhala ku Johannesburg, ali ndi shopu, saphonya Swala, ndipo pa chithunzi chake anali atavala kofia yoyera. Patatha miyezi inayi anapempha zinthu zitatu: chithunzi cha chiphaso cha unzika cha mtsikanayo, zithunzi zake ali wosavala hijabu, komanso kuti akwere basi yekha, nikah ikachitikire komweko ku Joni. Bamboyo anamaliza ndi mawu akuti: "Chondizunguza mutu n'chakuti munthuyu za Dini amazilankhula bwino kuposa ine."

Foni ndi yachilendo, koma funso la bamboyu ndi lakale. Maulama athu analikambirana pa nkhani ya mboni za kukhoti, pa nkhani ya anthu onena Hadith, ndiponso pa nkhani ya ukwati. Yankho lawo ndi limodzi: munthu sadziwika ndi zimene akunena yekha za iye mwini, amadziwika ndi anthu odalirika amene angamuikire umboni. Ndipo kufikira atadziwika choncho, sitimutukwana kapena kumunamizira, koma sitimupatsanso kiyi wa nyumba yathu.

Mafunso atatu a Umar

M'mabuku a malamulo a umboni muli nkhani ya Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye), amene analamulira kuyambira chaka cha 13 mpaka 23 cha Hijri. Munthu wina anabwera kudzaperekera umboni pamaso pake, Umar n'kumuuza kuti sakumudziwa, choncho abweretse munthu womudziwa. Wina mwa amene analipo anati iye akumudziwa ndipo ndi munthu wolungama. Umar sanakhutire. Anamufunsa ngati ali woyandikana naye nyumba, woti amadziwa usiku wake ndi usana wake. Iye anakana. Anamufunsa ngati anayendapo naye ulendo, pakuti pa ulendo ndi pamene khalidwe limaonekera. Anakananso. Anamufunsa ngati anachitapo naye malonda a ndalama. Atakananso, Umar anagamula kuti munthuyo sakumudziwa mnzakeyo. M'kalandiridwe kena ka nkhaniyi, Umar anawonjezera kuti mwina anangomuona mumzikiti akuweramitsa ndi kudzutsa mutu pa Swala.

Tiyeni tiwabweretse mafunsowa pa Limbuli. Mayi wogula chinangwa kapena nandolo kwa mlimi wa ku Milange amadziwa munda wake, amadziwa wakabaza amene amamunyamulira katundu, amadziwa ngati anabweza ngongole ya chaka chatha. Ngakhale pali malire a dziko pa Muloza, anthu a mbali ziwirizi amadziwana chifukwa amakwatirana, amaikana maliro, amagulana. Koma munthu wa pa foni amalephera mafunso onse atatu. Usiku wake simuudziwa, ulendo simunayende naye, ngongole simunamuyese nayo. Zonse zimene mukudziwa za iye, dzina, nkhope, mudzi, ntchito, wakuuzani ndi iye yemweyo. Mboni ndi iye, woikira mboni kumbuyo ndi iyenso. Palibe kadhi amene angalandire umboni wotere ngakhale pa mlandu wa nkhuku.

Majhul: dzina limene maulama anamupatsa

Akatswiri a Hadith anakumana ndi vuto lofanana. Muhammad ibn Sirin, amene anamwalira mu 110 Hijri, anafotokoza kuti poyamba anthu sankafunsa za mndandanda wa onena nkhani, koma fitina itabuka anayamba kuumiriza aliyense kutchula anthu amene anamva kwa iwo. Mawu akewa Imam Muslim anawasunga m'mawu oyamba a buku lake la Sahih. Kuchokera pamenepo panabadwa maphunziro a jarh ndi ta'dil, kutanthauza kuulula chilema cha wonena nkhani kapena kutsimikiza kulungama kwake. Yahya ibn Ma'in amene anamwalira mu 233, Imam al-Bukhari mu 256, ndi Ibn Abi Hatim mu 327, anatha moyo wawo akufufuza kuti uje anabadwira kuti, anaphunzira kwa yani, anakumanadi ndi amene akumutchulayo kapena ayi.

Munthu amene sakudziwika anamutcha majhul, ndipo anamugawa pawiri. Woyamba ndi amene dzina lake likumveka kudzera mwa munthu mmodzi yekha ndipo palibe wamuikira umboni, moti sitingatsimikize ngati analipodi. Wachiwiri ndi amene anthu awiri kapena oposa anamva kwa iye, choncho kukhalapo kwake n'kotsimikizika, koma palibe katswiri amene wanena za khalidwe lake. Ambiri mwa maulama salandira nkhani ya onse awiriwa mpaka zawo zitadziwika. Onetsetsani kuti sananene kuti majhul ndi wabodza. Anangoti nkhani yake iime kaye.

Muyeso umenewu ndi umene tikufunika kuutenga. Amene wakutumizirani pempho la ubwenzi pa Facebook ali pa gawo loyamba lija: simukudziwa ngati dzinalo ndi lake, ngati nkhopeyo ndi yake, ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Chithunzi chimabedwa pa tsamba la munthu wina m'kanthawi kochepa. Nambala yoyamba ndi +27 sikutanthauza kuti mwini wake ali ku South Africa, chifukwa WhatsApp imagwirabe ntchito pa nambala yakale ngakhale munthu atasamuka, monga momwe ambiri a kuno kumalire amagwiritsira ntchito manambala a +258 a ku Mozambique ali m'nyumba zawo ku Malawi. Masiku ano pali mapulogalamu a kompyuta otha kutsanzira mawu ndi nkhope ya munthu. Kuyankhulana pa vidiyo kumathandiza, koma kumangomusuntha munthu kuchoka pa gawo loyamba kupita pa lachiwiri: mwaona kuti alipo, khalidwe lake simunalidziwe.

Ndime 6 ya Surat al-Hujurat imalamula okhulupirira kuti afufuze nkhani imene yabwera ndi munthu wosadalirika, kuopa kuti angapweteke anthu mosadziwa kenako n'kumadandaula. Omasulira Qur'an ambiri amati inatsika pa nkhani ya al-Walid ibn Uqba, amene anatumidwa kukatolera Zakat kwa a Banu al-Mustaliq n'kubwerera panjira ndi uthenga woti akana, pomwe sanakane. Ngati uthenga wa munthu wodziwika dzina ndi mtundu unafunika kuufufuza, nanga wa munthu amene sitidziwa ngakhale dzina lake lenileni?

Kofia si umboni

Chimene chinamufooketsa bambo uja chinali chilankhulo cha Dini. Mbiri ya Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) ili ndi phunziro lowawa pa zimenezi. Malinga ndi kufotokoza kwa Ibn Ishaq, anthu a mafuko a Adal ndi al-Qara anabwera ku Madina n'kunena kuti pakati pawo pali Chisilamu, choncho akufuna aphunzitsi. Anapatsidwa kagulu ka maswahaba. Atafika pa chitsime cha al-Raji', anawapereka m'manja mwa adani. Ena anaphedwa pomwepo, pomwe Khubayb ibn Adi ndi Zayd ibn al-Dathina anakagulitsidwa ku Makka n'kuphedwa kumeneko. M'nyengo yomweyo maswahaba 70 odziwa kuwerenga Qur'an anaphedwa mwachinyengo pa Bi'r Ma'una, ndipo Mtumiki anachita Qunut mwezi wathunthu.

Tikayang'ana ulendo wa Hijra wa mu 622, tiona mbali ina ya phunziro lomweli. Mtumiki ndi Abu Bakr anabisala masiku atatu m'phanga la Thawr, ndipo amene ankadziwa malowo anali owerengeka: Abdullah mwana wa Abu Bakr wobweretsa nkhani, Asma wokonza kamba, ndi Amir ibn Fuhayra amene ankadutsitsa ziweto kuti zifafanize mapazi. Wowalondolera njira, Abdullah ibn Urayqit, pa nthawiyo sanali Msilamu, koma anali wodziwika kuti ndi katswiri wa njira ndiponso wosunga pangano. Choncho amene anabwera ndi mawu okoma a Dini anapereka maswahaba kwa adani, pomwe amene anayesedwa n'kupezeka wokhulupirika anasunga chinsinsi chachikulu. Akuluakulu athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Salamu, ma Insha Allah ndi chithunzi cha Ka'ba pa tsamba la munthu, aliyense angathe kuziika.

Zimene zinawaonekera alongo athu ku Oman

Mu Malichi 2024, atolankhani a BBC Africa Eye anaulutsa kafukufuku wa amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapita ku Oman kukagwira ntchito za m'nyumba. Mmodzi mwa iwo, amene ankachita geni yake ku Lilongwe, anafotokoza kuti wolemba anthu ntchitoyo anamupeza pa Facebook n'kumulonjeza malipiro abwino. Atafika, amayiwa analandidwa mapasipoti, ankagwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ena anamenyedwa, ena anagwiriridwa. Dongosolo lolembera antchito akunja la kumeneko, lotchedwa kafala, limamumangirira wantchito kwa bwana wake moti sangachoke popanda chilolezo, ndipo mabwana ena ankafuna kubwezeredwa ndalama asanamumasule munthu. Boma la Malawi linanena kuti linagwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 160,000 a ku America kubweza amayi 54.

Pali zinthu ziwiri zoti tizindikire. Choyamba, Oman ndi dziko la Asilamu, ndipo ena mwa ife tikangomva za dziko la Aarabu mtima umakhala pansi. Dzina la dziko silitsimikiza khalidwe la bwana. M'mabuku a fiqh mawu akuti kafala amatanthauza kumuimira munthu pa ngongole kapena pa kuonekera kwake kukhoti, osati kumutsekera m'nyumba. Ndipo mu Hadith imene Imam al-Bukhari anailandira, Allah akutchula anthu atatu amene adzalimbana nawo Iye mwini pa Tsiku la Chiweruzo, ndipo awiri mwa iwo ndi wogulitsa mfulu n'kudya mtengo wake, ndi wogwiritsa munthu ntchito n'kumumana malipiro. Chachiwiri, chimene chinathandiza kupulumutsa amayiwa chinalinso foni: mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America anatsegula gulu la WhatsApp m'mene ankauzana kumene ali ndi zimene zikuwachitikira. Choncho chida sichili haramu. Chinavulaza ndi kukhulupirira majhul, chinapulumutsa ndi kusakhala wekha.

Ife a ku Mulanje nkhani yogulitsa anthu si yachilendo m'mbiri yathu. Linga la Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira imene akapolo ankadutsitsidwa kupita kugombe la nyanja ya mchere. Kale anthu ankagwidwa ndi mfuti ndi magoli. Lero munthu amadzilipirira yekha basi, atanyengedwa ndi uthenga wa pa foni. Ndipo pamene anthu ali pa umphawi, monga momwe namondwe wa Freddy anatisiyira mu Malichi 2023, lonjezo la ntchito kapena la banja lakunja limakoma kwambiri. N'chifukwa chake lamulo la dziko lino lothana ndi kuzembetsa anthu, la mu 2015, linaika chilango cha zaka mpaka 14 m'ndende, ndi zaka mpaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana.

Foni ndi nyumba, ndipo nyumba ili ndi khomo

Shariya inatchinga nyumba ya munthu ndi malamulo omveka. Ndime 27 ndi 28 za Surat an-Nur zimaletsa kulowa m'nyumba ya eni popanda kuodira ndi kupereka Salamu, ndipo zimalamula kubwerera ngati mwauzidwa kuti mubwerere. Ndime 58 ya Surah yomweyo imatchula nthawi zitatu zimene ngakhale ana a m'nyumba ayenera kuodira: Swala ya Fajr isanakwane, masana pamene anthu avula kuti apume, ndi pambuyo pa Swala ya Isha. Sahl ibn Sa'd anasimba za munthu amene anasuzumira pa kabowo ka chipinda cha Mtumiki, ndipo Mtumiki anamudzudzula kwambiri n'kufotokoza kuti kuodira kunaikidwa chifukwa cha maso.

M'foni mwanu muli zimene kale zinkakhala kuchipinda: zithunzi za akazi anu ndi ana anu, ndalama zanu, makalata anu, ndi kumene muli pa ola lililonse. Ngati amene mukumudziwa muli ndi ufulu womubweza pakhomo, kuli bwanji majhul? Kusayankha uthenga wa mlendo, kukana pempho la ubwenzi, kapena kumutsekera munthu kuti asakupezeninso, si mwano ndipo si kudula ubale. Mneneri Ya'qub analangiza mwana wake Yusuf kuti asawauze abale ake maloto ake, monga tikuwerengera pa ndime 5 ya Surat Yusuf. Kubisa chinthu chabwino kwa amene angachigwiritse ntchito molakwika ndi khalidwe la aneneri.

Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 505 Hijri, ndi Imam al-Shatibi, mu 790, anafotokoza kuti malamulo onse a Shariya amateteza zinthu zisanu: Dini, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma, ndipo maulama ena anawonjezerapo ulemu wa munthu. Tikayeza zopempha za anthu a pa foni ndi muyeso umenewu, pali zinthu zimene majhul sayenera kupatsidwa.

Chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena pasipoti. Kuyambira pamene boma linalemba nzika m'kaundula mu 2017, ndipo bungwe la MACRA linalamula kuti manambala a foni alembetsedwe mu 2018, chiphaso chanu ndi chimene chimamangirira nambala ndi akaunti ku dzina lanu. Wina akachigwiritsa ntchito pobera anthu, apolisi adzayamba kugogoda pakhomo panu.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso manambala 6 amene WhatsApp imatumiza polembetsa foni. Wopempha manambala 6 amenewa akufuna kulanda akaunti yanu kuti azipempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Tsegulani chitetezo chachiwiri chimene chili mu WhatsApp momwemo, chofuna nambala yachinsinsi yodziwa inu nokha.

Zithunzi zoonetsa awra, kaya kwa mwamuna kaya kwa mkazi. Izi n'zoletsedwa ngakhale kwa amene mwatomerana naye, chifukwa chitomero si nikah. Musanyengedwe ndi zoti chithunzicho chimaoneka kamodzi n'kufufutika, pakuti foni ina ikhoza kuchijambula. Chikatuluka m'manja mwanu sichibwereranso, ndipo ndi chimene achinyengo amaopsezera nacho anthu kuti awatumizire ndalama.

Zosonyeza kumene mumakhala ndi mayendedwe anu: khomo la nyumba, yunifolomu ya sukulu ya mwana, tsiku limene bambo apita ku Milange kukagula katundu ndipo pakhomo patsala amayi okha.

Ndalama zolipiriratu, kaya akuti n'za fomu ya ntchito, za viza, kapena zowombolera mphatso imene akuti yagwidwa pa chipata cha dziko. Wofuna kukupatsani sayamba ndi kukulipiritsani.

Tisaiwalenso khomo lakuseri. Ambiri timasiya foni kotchajitsa, kwa okonza mafoni kapena kwa oika nyimbo pamsika. Ikani loko pa foni, chotsani memori khadi musanaisiye. Ndipo inu amene mumagwira ntchito zimenezi, foni ya kasitomala ndi amana. Kutsegula zithunzi zake n'chimodzimodzi kusuzumira pa kabowo kaja.

Nkhani ikafika pa ukwati

Kudziwana koyamba pa intaneti pakokha sikuipitsa ukwati. Chimene Shariya ikufuna n'chakuti nkhaniyo ichoke msanga m'manja mwa anthu awiri n'kupita kwa eni ake. Maulama a masiku ano amasiyana maganizo ngati kulemberana kwa mwamuna ndi mkazi pa foni kuli khalwa yeniyeni, popeza matupi sali malo amodzi, koma amagwirizana kuti macheza obisika a pakati pa usiku ndi njira yopita ku zoletsedwa, ndipo njira yotere imatsekedwa. Chizindikiro chachikulu cha wachinyengo ndi mawu akuti "usawauze kaye makolo". Wofuna banja amafunafuna makolo, wakuba amawathawa.

M'madhhab a Imam al-Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, nikah siitheka popanda wali wa mkazi ndi mboni ziwiri zachimuna zolungama. Bungwe la akatswiri a fiqh la maiko a Chisilamu, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu Malichi 1990, linavomereza kuti malonda ambiri atha kumangidwa pa telefoni ndi zida zina zamakono, koma linapatula nikah chifukwa cha lamulo la mboni. Alipo maulama ena amene pambuyo pake anailola ngati nkhope ndi mawu a onse zatsimikizika popanda chikaiko, koma njira yopanda mkangano ndi yakale ija: mwamuna amene ali kutali asankhe wakili, munthu wodziwika, amene adzaime m'malo mwake pamaso pa wali ndi mboni. Mtsikana kukwera basi yekha kukakwatiwa kumene kulibe wali wake, zimenezo palibe malo ake m'madhhab athu. Tikumbukirenso kuti malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Mwambo wathu wa ankhoswe umathandiza pa mfundo yomweyi. M'Shariya wali amachokera kuchimuna, bambo, agogo obereka bambo, mchimwene, pomwe pa chikhalidwe chathu amalume ndi amene amayendetsa nkhani. Ziwirizi zisalimbane: wali amange nikah, amalume akaone mudzi wa mwamunayo ndi abale ake. Safunsa anadya phula.

Ena amaopa kuti kufunsa za munthu ndi miseche. Fatima bint Qays atafunsiridwa ndi Mu'awiya ndi Abu Jahm, anakafunsa nzeru kwa Mtumiki, ndipo iye anamuuza mosabisa kuti woyambayo alibe chuma ndipo wachiwiriyo sachotsa ndodo paphewa, n'kumulangiza kuti akwatiwe ndi Usama ibn Zayd. Imam al-Nawawi, amene anamwalira mu 676 Hijri, anaika kuchenjeza wofunsa za ukwati kapena malonda m'gulu la malo 6 amene kutchula chilema cha munthu n'kololedwa. Wofunsidwa ayenera kunena zoona, molingana ndi zimene zikufunika basi.

Ikafika nthawi yoonana maso ndi maso, kaya ndi nkhani ya banja, ya ntchito kapena yogula katundu, malamulo ake ndi awa. Mlendoyo ndiye abwere, osati inu kumutsatira. Mukumane masana, pamalo pa anthu, kwa makolo kapena pabwalo la mzikiti, osati kumalo ogona alendo, m'minda ya tiyi kapena kutsidya kwa malire. Mkazi akhale ndi mahram wake, ndipo mwamuna naye atenge mnzake. A kunyumba adziwe kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Musakwere galimoto kapena njinga yamoto imene wakutumizirani iye. Akasintha malo mwadzidzidzi, bwererani. Ngati ndi ntchito yakunja, funsani ku ofesi ya zantchito ya boma ngati wolembayo ndi wovomerezeka, werengani pangano lolembedwa musananyamuke, ndipo abale atsale ndi kope la pasipoti yanu. Amene anafunsa ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kuyedzamira kwa Allah, Mtumiki anamuuza kuti achite zonse ziwiri, kuyambira ndi kumanga.

Kufufuza si ukazitape

Ndime 12 ya Surat al-Hujurat imaletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana zinsinsi ndi miseche. Kodi izi sizikutsutsana ndi zonse tanenazi? Ayi. Tajassus yoletsedwa ndi kukumba zobisika za munthu amene sakufuna chilichonse kwa inu. Tathabbut yolamulidwa ndi kutsimikiza zonena za munthu amene akupempha mwana wanu, ndalama zanu kapena ulendo wanu. Amene wagogoda pakhomo panu wakupatsani yekha ufulu womufunsa kuti ndi ndani.

Malire amenewa agwirenso ntchito m'nyumba. Mwana wamng'ono ali pansi pa ulonda wa makolo, choncho adziwe poyera kuti foni yake bambo ndi mayi amaiona. Koma mwamuna kapena mkazi kumatsegula foni ya mnzake mwakabisira popanda chifukwa chooneka, ndiko kuganizirana zoipa kumene ndime ija ikuletsa, ndipo kwapasula mabanja ambiri. Komanso uthenga umene mnzanu wakulemberani mwachinsinsi ndi amana, monga Hadith ya Jabir imatiphunzitsira za munthu amene akulankhula uku akucheukacheuka. Kuujambula n'kuuponya pa gulu ndi kuphwanya amana.

Zikalakwika

Mwina wina akuwerenga izi zinthu zitachitika kale: chithunzi chinapita, ndipo tsopano akuopsezedwa. Musalipire, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Musafufute mauthengawo, ndiwo umboni. Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kenako kanenani kupolisi, kumene kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Lamulo la mu 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limaika kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni m'gulu la milandu, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo mu 2024 panabweranso lamulo loteteza mbiri ndi zizindikiro za anthu. Ngati wokhudzidwayo ndi mwana, nambala yaulere ya 116 ilipo.

Kwa makolo ndi kwa ife atsogoleri a mizikiti, apa ndi pamene timayesedwa. Mwana amene akudziwa kuti akaulula adzamenyedwa ndi kuchititsidwa manyazi amasankha kukhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko ndiye chakudya cha womuopseza uja. Mtumiki anamuuza Hazzal, amene analimbikitsa Ma'iz kukaulula tchimo lake, kuti zikanamukhalira bwino akanamuphimba ndi chovala chake. Ndime 19 ya Surat an-Nur imachenjeza za chilango chowawa kwa okonda kuti zonyansa zifale pakati pa okhulupirira. Choncho amene walandira chithunzi cha mwana wa mnzake n'kuchitumiza kwa wina, ngakhale atati akungodabwa nacho, walowa nawo m'tchimolo. Chifufuteni, ndipo amene wakutumizirani mumuuze kuti aope Allah.

Bambo wa chimanga uja sitinamuuze kuti mwamunayo ndi wakuba, chifukwa sitinali ndi umboni. Tinagwirizana kuti asamukalipire mwana wake, koma amuimbire yekha mkamwini woyembekezerayo n'kumupempha zinthu zitatu: dzina la mudzi wake ndi la mfumu yake ku Mangochi, nambala ya amalume ake kuti ankhoswe akaonane nawo, ndi dzina la mzikiti umene amaswalira Ijuma ku Johannesburg pamodzi ndi la imamu wake, pakuti kumeneko kuli ana athu ambiri amene akanatha kukafunsa. Munthu woona mafunso amenewa amawayankha mosangalala, chifukwa amamufupikitsira njira. Uyu anayankha kuti akumva kuwawa kuti sakukhulupiriridwa, n'kulonjeza kuti atumiza zonse mawa lake. Mawalo silinafike, ndipo patatha sabata nambala ija inasiya kupezeka. Mtsikanayo analira masiku angapo, koma chiphaso chake, ulemu wake ndi iye mwini zili pakhomo pa bambo ake.

Tikupempha Allah atiphimbe ife ndi ana athu pano padziko ndi pa Tsiku Lomaliza, ndipo atipatse maso ozindikira. Allah ndiye Wodziwa koposa.